Chingwe chonenepa cha nayiloni: ntchito yake powedza ndi nyambo zopanga

Munthu akalowa m'sitolo ya hadiweya ku Malangalanga, kapena akaima pabenchi mumsika waukulu wa Lilongwe n'kufunsa twaini wowedzera, funso limene amalandira ndi limodzi: "Mukufuna nambala chani, achimwene?" Ambiri amaloza chingwe chonenepa kwambiri chimene thumba lawo lingakwanitse. Maganizo akewo ndi omveka. Aliyense anamvapo za mlamba umene unadula chingwe n'kupita ndi mbedza, ndipo palibe amene amafuna kuti nkhani imeneyo idzakhale yake.

Kwa wowedza ndi nyongolotsi, matumbo a nkhuku kapena kansima, kusankha kotereku sikulakwika kwenikweni. Nyambo imakhala pansi phee, fungo ndilo limaitana nsomba, chingwe chimangodikira. Zinthu zimasintha mukayamba kuwedza ndi nyambo zopanga, zimene amazitcha ma lure: tizitsulo tonyezimira, tinsomba tapulasitiki kapena tosema, timbedza tovekedwa nthenga. Zambiri mwa izi zilibe fungo ngakhale kukoma. Zimanyenga nsomba ndi kayendedwe kokha, ndipo choziyendetsa ndi chingwe. Kunenepa kwa chingwecho ndiko kumalamula kuti nyambo imire mpaka pati, igwedezeke motani, igwere patali bwanji mukaiponya. Mphamvu yokokera nsomba kumtunda ndi kagawo chabe ka nkhaniyi, ndipo ine ndimaona kuti ndi kagawo kamene timakakokomeza mopitirira.

Chingwe chimene tikukambachi ndi cha monofilament, cha ulusi umodzi wa nayiloni wosapota. Nayiloni anamupanga ku kampani ya DuPont ku America, m'gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Wallace Carothers, mu 1935, ndipo pofika 1939 kampaniyo inali itayamba kugulitsa chingwe chowedzera. Choyambacho chinali chouma, chovuta kuponya, moti owedza ambiri anakakamirabe zingwe zolukidwa mpaka 1959 pamene Stren, chingwe chofewerapo, chinafika pamsika. Mu 1971 kampani ya Kureha ku Japan inatulutsa chingwe cha fluorocarbon, mtundu wina wa pulasitiki, pansi pa dzina la Seaguar. M'zaka za m'ma 1990 kunatchuka braid, chingwe cholukidwa ndi timaulusi ta Spectra kapena Dyneema, chowonda koma champhamvu zodabwitsa. Ndiye wowedza wa lero ali ndi mitundu itatu. Kuno kwathu nayiloni ndiye amapezeka paliponse, mtengo wake ndi wofikirika; zinazo n'zoitanitsa kunja kapena kuzifunafuna m'masitolo owerengeka.

Nanga "chonenepa" chimayambira pati? Pa madzi a m'mitsinje ndi m'madamu, ndingati kuyambira mamilimita 0.40 kupita m'tsogolo. Chingwe cha 0.40 chimaduka pa makilogalamu pafupifupi 9, zimene papaketi amalemba 20 lb, kutanthauza mapaundi 20. Cha 0.50 mpaka 0.55 ndi cha 30 lb, makilogalamu pafupifupi 14. Cha 0.70 chimakhala cha m'ma 50 lb, ndipo cha milimita yathunthu chimafika m'ma 100 lb. Manambalawa amasiyanako malinga ndi kampani. Chosokoneza n'chakuti zingwe zambiri zochokera ku Asia zimalembedwa ndi nambala ya chi Japan: nambala 1 ndi mamilimita 0.165, nambala 4 ndi 0.33, nambala 8 ndi 0.47, nambala 10 ndi 0.52. Pomwe zina zikalembedwa 50 zimatanthauza 0.50. Mukamagula, funani pamene alemba mm, chifukwa ndi pokhapo pamene wogulitsa ndi wogula angamvane.

Pali kamasamu kakang'ono kamene kamafotokoza pafupifupi zonse zimene zikubwerazi. Mukachulukitsa kunenepa kwa chingwe kawiri, kuchoka pa 0.25 kufika pa 0.50, mphamvu yake imakwera kanayi. Malo amene chimadya pa reel, kachipangizo kokulungira chingwe pa ndodo, amakweranso kanayi: reel yolowa mamita 200 a chowonda ilowa mamita 50 okha a chonenepacho. Koma kuuma kwake, kukana kupindika kuja, kumakwera ka 16. Izi ndizo anthu saziganizira. Wogula amaona ngati wangowonjezera mphamvu, pamene wagula chinthu chamakhalidwe ena kotheratu. Ubwino wa chingwe chonenepa ndi mavuto ake omwe, zambiri zimachokera pa kuuma kumeneku.

Ntchito yoyamba, imene palibe angaitsutse, ndi kupirira kukhulika. Nsomba za m'madzi athu sizidula chingwe ndi mphamvu kawirikawiri. Mlamba wa makilogalamu 8 m'madzi sukoka makilogalamu 8. Madzi amaunyamula, ndodo imapindika, drag, imene ndi buleki ya reel, imamasula chingwe pang'onopang'ono. Chimene chimadula ndi mwala, chitsa chomira, tsinde la bango, chitsulo chotayidwa pansi pa mlatho. Mtsinje wa Lilongwe, kuchokera ku Dzalanyama kudutsa m'tawuni mpaka kukakumana ndi Linthipe, uli ndi malo ambiri amiyala, ndipo damu lililonse limakhala ndi zitsa ndi nthambi zimene madzi anamiza. Nsomba yodya zinzake imabisala pomwepo, ndipo ikangomva mbedza imathawira pomwepo.

Taganizani kuti mwala wakanda chingwe, kachilonda kake kuzama mamilimita 0.1. Pa chingwe cha 0.25, kachilondako kadya kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a mnofu wake. Pa cha 0.60 kadya pafupifupi gawo limodzi mwa khumi. Mwala womwewo, kukanda komweko, koma china chatsala pang'ono kuthetheka pamene china chidakali ndi moyo. Braid, ngakhale ili yamphamvu, pano ndiye pofooka pake: ikakhala yokungika n'kukhudza mwala wakuthwa, timaulusi take timaduka kamodzikamodzi mpaka thapu.

Mlamba umawonjezera vuto lake. Mano ake si osongoka ngati a galu ayi, ndi tating'onoting'ono tambirimbiri tokhala m'magulu, tokhakhala ngati sandipepa. Sudula chingwe kamodzi, umachipala pang'onopang'ono nthawi yonse imene mukulimbana nawo. Komanso umakonda kugubuduka, kudzikulunga m'chingwe, ndiye chingwecho chimakhula mutu wake wolimba uja ndi minga ya zipsepse za m'mbali. Mlamba wokula bwino umatha kupitirira makilogalamu 20, ndipo wotero simuutulutsa m'mphindi ziwiri.

Koma taonani bwino pamene kukhulika konseku kumachitikira: pa mita imodzi yomaliza, pafupi ndi nyambo. Mamita enawo amangodutsa m'madzi opanda kanthu kapena mumlengalenga. N'chifukwa chake odziwa sadzaza reel yonse ndi chingwe chonenepa. Amaika chowonda kapena braid pa reel, kenaka kutsogolo amalumikiza kachidutswa ka nayiloni wonenepa, kamene amakatcha leader, kotalika kuyambira theka la mita mpaka mita ndi theka. Pa mlamba, 0.50 mpaka 0.70 imakwana. Kachidutswako ndiko kamalandira nkhanza zonse, ndipo kakakhakhala mumakadula n'kumanga kena, ndalama zake zochepa. Mukagwira nsomba iliyonse, kapena nyambo ikakhudza mwala, yendetsani zala ziwiri pa leader. Mukamva pokhakhala, dulani pamenepo, musachite nako chisoni. Phindu lina limabwera pomaliza, nsomba ikafika pagombe: leader yonenepa mutha kuigwira ndi dzanja n'kukokera nsombayo pamchenga, zimene braid singakuloleni osakuchekani.

Za mano enieni, tisanamizane. Ncheni ya ku nyanja, ija mumaipeza ku Senga Bay, ili ndi mano aatali osongoka koma otalikirana, ogwirira usipa. Kachidutswa kafupi ka nayiloni wonenepa kamakwana. Tigerfish ya kumunsi kwa Shire ndi ya mu Zambezi ndi nkhani ina. Mano ake amalumana molowana ndipo ndi akuthwa m'mbali, chingwe cha 80 lb imatha kuchidula pa kuluma kumodzi. Kumeneko n'kwa waya basi. Amene amati nayiloni wonenepa amalowa m'malo mwa waya pa nsomba imeneyo angokhala ndi mwayi masiku angapo.

Ntchito yachiwiri ndi imene imandisangalatsa kwambiri, chifukwa pano chingwe chonenepa chimachita zimene chowonda sichingathe ngakhale chitakhala champhamvu chotani. Ndi ya nyambo zoyandama pamwamba pa madzi: popper, imene ili ndi kukamwa kokumbika koti mukaikoka imalavula madzi n'kulira kuti phwa, ndi zija zazitali zopanda mlomo zimene zimayenda mokhotakhota, kumanzere kumanja, mukamagwedeza nsonga ya ndodo. Nyambo zimenezi zimaitana mlamba, umene umamva kukhuvula kwa madzi uli patali, komanso sungwa wobisala m'mphepete mwa udzu wa m'madzi, ndi bass, nsomba yochokera kunja, m'madamu momwe anaikamo.

Apa pali zinthu ziwiri. Choyamba ndi kulemera kwa chingwe poyerekeza ndi madzi. Tikati madzi ndi 1, braid ndi 0.97, nayiloni ndi pafupifupi 1.14, fluorocarbon ndi pafupifupi 1.78. Anthu amakonda kunena kuti nayiloni amayandama. Zoona zake n'zakuti amamira pang'onopang'ono kwambiri, ndipo akakhala wouma amatha kukhala pamwamba kwa kanthawi. Fluorocarbon imamira msanga. Popper imafuna muziipumitsa, masekondi atatu, asanu, nthawi zina khumi, mpaka timafunde tithe, chifukwa nsomba zambiri zimaluma nthawi yopumayi. Ngati chingwe chamira m'kati mwa kupumako, mukakokanso chimagwetsera mphuno ya nyambo pansi, ndipo m'malo mwa phwa uja imangolowa m'madzi mwakachetechete. Nayiloni amasiya mphuno ili m'mwamba.

Chachiwiri ndi kuuma kuja. Braid imayandama bwino kuposa nayiloni, ndiye munthu angaganize kuti ndiyo yoyenera. Vuto lake ndi kufewa. Nyambo ikatsetsereka kupita kutsogolo mutaikoka, imapitirira chingwe chofewacho, mbedza yakutsogolo ya mano atatu n'kuchikola. Zikatero kuponyako kwawonongeka, nyambo imabwera chammbali ikuzungulira, ndipo nsomba imene inali kuitsatira imabwerera. Kachidutswa ka nayiloni wa 0.40 mpaka 0.50, kotalika ngati mkono umodzi kapena iwiri, kamaima chowongoka kutsogolo kwa nyambo n'kutalikitsa chingwe ndi mbedza. Apa mphamvu ya 20 lb kapena 30 lb ilibe nazo ntchito. Mukugula kuuma.

Kuumako kulinso ndi malire. Mukamanga chingwe chouma molimba pa kamphete ka nyambo, mumaigwira pakhosi, singagwedezeke momasuka. Mankhwala ake ndi mfundo yosiya kalupu kakang'ono, monga imene imadziwika ndi dzina la Rapala, kapena kuika kamphete kachitsulo pamphuno. Kanyambo kakang'ono ka magalamu 5 ndiye musakazunze n'komwe ndi chingwe cha 0.50, kamafa kayendedwe ngakhale mumange motani.

Ntchito yachitatu ndi yochepetsa kumira kwa nyambo, ndipo ndi chinyengo chimene ambiri sachidziwa. Crankbait, kansomba kokhala ndi mlomo wapulasitiki kutsogolo, kamamira chifukwa madzi amakankha mlomowo pamene mukukoka. Koma madzi omwewo amakankhanso chingwe, ndipo chingwecho chimakokera nyambo m'mwamba. Chikanenepa, madzi amachigwira kwambiri, nyambo simira mofika pamene ikanafika. Kwa wofuna nsomba za pansi, izi n'zoipa. Koma tayerekezani muli pa damu m'mwezi wa Okutobala, madzi aphwera, udzu ndi ndere zakwera mpaka kutsala mita imodzi kuti zifike pamwamba. Nyambo yanu yokhayo imene muli nayo imamira mita ndi theka, ndipo kuponya kulikonse ikubwera itavala udzu. M'malo mofuna nyambo ina, imene mwina mu Lilongwe simuipeza, mumaika chingwe chonenepa n'kukweza nsonga ya ndodo, nyambo n'kumadutsa pamwamba pa udzuwo, pamene nsomba zikuyang'ana. Jig, mbedza yokhala ndi mutu wolemera, komanso tinyongolotsi tapulasitiki nazonso zimatsika mozengereza pa chingwe chonenepa, ndipo m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, pamene nsomba zimachita ulesi, kutsika kozengerezaku nthawi zina ndiko kumaziputa. Kuti izi zitheke, chingwe chonenepacho chikhale chachitali ndithu, osati kachidutswa ka mkono umodzi.

Pa za kutamuka pali kusamvetsetsana. N'zoona kuti nayiloni amatamuka, amatha kuwonjezera gawo limodzi mwa magawo asanu kapena anayi a utali wake asanaduke, pamene braid imatamuka pang'ono zedi. Kutamukaku kumathandiza pa nyambo za mbedza za mano atatu, zimene zimangogwira khungu la mlomo: nsomba ikapukusa mutu, chingwe chimalolera, mbedza sing'amba. Koma chingwe chonenepa sichitamuka mofanana ndi chowonda pa kukoka kofanana. Mukakoka ndi makilogalamu 2, cha 0.50 chimatamuka pafupifupi gawo limodzi mwa anayi a mmene cha 0.25 chingatamukire. Ndiye amene akufuna kuti mbedza yaikulu imodzi ilowe m'kamwa molimba mwa mlamba ali patali, chonenepa chimamuthandiza. Amene akudalira kuti leader ya mita imodzi ya 0.70 ifewetsa kugwedeza kwa nsomba akudzinamiza. Ntchito imeneyo ndi ya ndodo ndi drag, imene kawirikawiri amaichuna kuti iyambe kumasula pa gawo limodzi mwa anayi kapena atatu a mphamvu ya chingwe chofookerapo pakati pa leader ndi cha pa reel.

Zonsezi tikukamba ngati kuti aliyense ali ndi ndodo ya fakitale ndi reel. Owedza ambiri m'mbali mwa Lilongwe, Lingadzi ndi Diamphwe alibe. Koma nyambo zopanga sizifuna reel kuti zigwire nsomba. Chingwe chokulungidwa pa botolo kapena pa chitini chosalala chimaponyeka bwino: mumazunguza nyambo, n'kuisiya, botolo litaloza kumene ikupita, chingwe n'kumavukuka chokha. Pobweza mumakulunga ndi dzanja, ndipo kukulungako ndiko kumayendetsa nyambo. Supuni yakale yodulidwa chogwirira, yobooledwa uku ndi uku, kwina swivel (kachitsulo kozungulira koletsa chingwe kupotana) kwina mbedza, ndi nyambo yokwanira. Pa uwedzi woterewu chingwe chonenepa, 0.60 kupita m'tsogolo, sichilinso chosankha koma chofunika, chifukwa ndodo yanu ndi zala. Chowonda chimacheka khungu nsomba ikathamanga, ndipo chikagwera pansi chimapotana zosamasulika. Chonenepa chimagona m'malupu aakulu osavuta kutola. N'chimodzimodzi kwa wokoka kachitsulo kumbuyo kwa bwato ku Salima. Swivel yokha musaiiwale, chifukwa supuni imazungulira ndipo imapota chingwe.

Palinso tintchito ta pakhomo. Kachidutswa ka 0.60 kapena 0.70, komangidwa ndi ulusi pa thupi la mbedza n'kupindidwa kuti kaphimbe nsonga, kamachititsa mbedza kudutsa mu kakombo, mlulu ndi namasupuni osakola. Nsomba ikaluma kamapindika, nsonga n'kutuluka. Kadontho ka supa gulu pa ulusiwo n'kokwana. Kachidutswa kena kamanyamula mbedza yachiwiri kumchira kwa nyambo yaitali, kwa nsomba zoluma kumchira kokha, ndipo kuuma kwake kumaiimika pamalo. Amene wagula braid aziyamba kukulunga nayiloni pa reel, braid pamwamba: braid yokha imaterera pa chitsulo chosalala, komanso palibe chifukwa chokwirira chingwe chodula pansi pomwe sichidzaona madzi. Apo 0.35 kapena 0.40 ndi yabwino. Yonenepa kwambiri imasiya mipata imene braid imalowamo.

Tsopano mtengo wake, osati wa makwacha. Reel yotchuka kuno ndi ija yolendewera pansi pa ndodo, imene chingwe chimavukuka chammbali. Yaing'ono kapena yapakati, mukaidzaza ndi chingwe choposa 0.35, mwadziputira mavuto. Nayiloni amasunga maonekedwe a chimene wakulungidwapo, ndipo wonenepa amasunga kwambiri: amatuluka ali malupumalupu, amamenya timphete ta ndodo, nthawi zina amadumpha yekha pa reel n'kupanga chisa. Nyambo imagwera pafupi. Mphepo ya mwera ikamaomba, imagwira chingwe chonenepa n'kuchikhotetsa, moti simumvanso zimene nyambo ikuchita. Reel ya baitcaster, imene imakhala pamwamba pa ndodo ndipo chokulungira chake chimazungulira, ndiyo imagwirizana ndi chingwe cha 0.40 kapena 0.45.

Ndiye pali maso a nsomba. Kuwala kumapindika mu nayiloni kwambiri kuposa m'madzi: pa muyeso wa kupindikako, madzi ndi 1.33, fluorocarbon ndi 1.42, nayiloni amapitirira 1.5. Choncho amaoneka, ndipo akanenepa amaonekeratu. M'dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi, mitsinje yathu imakhala yofiira ndi dothi la m'minda, ndipo nkhaniyi ilibe ntchito. Mlamba nawonso umadalira ndevu ndi kumva kugwedezeka kwa madzi kuposa maso. Koma m'chilimwe madzi akadikha, kapena ku nyanja kumene mumaona mchenga wa pansi muli m'bwato, zimasintha. Mpasa, imene imakwera mitsinje ngati Bua ndi Linthipe kukaswana, imasaka ndi maso ndipo imakonda ka spinner kakang'ono, kanyambo kokhala ndi kachitsulo kozungulira. Chingwe cha 0.25 mpaka 0.30 ndicho chake. Nsomba imeneyi yachepa kwambiri, ndipo mbali ya Bua yodutsa m'nkhalango ya Nkhotakota ndi malo otetezedwa, simungangofika n'kuponya. Chilunguni ndi makumba, akafuna kuluma kanyambo kopanga, amafunanso chowonda. Kwa izi chingwe chonenepa ndi njira yobwerera kunyumba chimanjamanja.

Mfundo ndi pamene anthu ambiri amatayira mphamvu imene analipira. Chingwe chouma sichifuna kuzungulizidwa kambiri. Mfundo ya clinch imene pa chowonda mumazunguliza kasanu ndi kamodzi, pa 0.60 katatu kapena kanayi n'kokwana. Mukachulutsa siithina, imaoneka yomangika koma imapululuka nsomba ikakoka. Nyowetsani ndi malovu musanakoke, chifukwa kukhulana kwa nayiloni wouma kumatentha n'kufooketsa pomwepo, ndipo kokani pang'onopang'ono mpaka ikhale thi. Polumikiza leader yonenepa ndi chingwe chowonda, mfundo ya Albright ndi yosavuta kuphunzira: chonenepa chimangopindidwa, chowonda ndicho chimazungulira. Ya FG ndi yowonda kwambiri ndipo imadutsa bwino m'timphete ta ndodo, koma ndi ya braid yokha, ndipo imafuna kuiphunzira muli pakhonde, osati pamtsinje dzuwa likulowa. Kuyambira cha m'ma 0.90, mfundo zimayamba kukanika, ndipo anthu amagwiritsa ntchito timapaipi tachitsulo tofinya ndi pulayazi. Kamfundo wamba kongodzimanga kokha pakati pa chingwe poponya musakalekerere. Kamatha kudya pafupifupi theka la mphamvu.

Tsiku lina nyambo idzakola pansi, ndipo apo ndi pamene chingwe chonenepa chimasanduka mdani. Cha 50 lb simungachidule ndi ndodo; ndodo ndiyo ithyoke. Musachikulunge padzanja. Kulungani pa kamtengo, kokani mowongoka, nkhope mutayang'ana kumbali, chifukwa nayiloni wotamuka akamasuka mwadzidzidzi amabweza nyambo ndi mbedza zake molunjika kumene kukuchokera kukoka. Ndipo musalowe m'madzi kukaiwonjola: mitsinje ya Lilongwe ndi Lingadzi ili ndi ng'ona, ndipo m'madzi odikha muli likodzo. Kumanga leader kumathandizanso pano, chifukwa chimene chimatsala m'madzi ndi mita imodzi, osati makumi awiri. Nayiloni sawola msanga, amakhala zaka zambirimbiri akukola akakowa, akamba ndi akatumbu. Zidutswa zimene mwadula ikani m'thumba, mukazidulire kunyumba. Ena amafunsa ngati chingwechi si choletsedwa, poti amamva pawailesi a nthambi ya za usodzi akulanda monofilament. Amene amalandidwawo ndi maukonde opangidwa ndi ulusi umenewu, amene nsomba siziwaona ndipo akatayika amapitiriza kupha. Chingwe cha mbedza ndi nkhani ina, ngakhale kuti malo ali ndi eni ake: madamu a Kamuzu ku Malingunde ndi a Lilongwe Water Board, madzi ake ndi omwe timamwa, ndiye funsani kaye musanaponye.

Chotsala ndi kugula. Mdani wa nayiloni ndi dzuwa ndi kutentha, ndipo chingwe chopachikidwa pabenchi ya pamsika chikhoza kukhala chitawambidwa miyezi yambiri musanachigule. Chabwino chimakhala chonyezimira ndi choterera; chikachita mbuu, kapena chikasiya kaufa koyera pa zala, chapita. Pemphani wogulitsa kuti akutulutsireni cha m'katoni. Zolembedwa papaketi nazo musazikhulupirire kwambiri, makamaka pa zingwe zopanda dzina lodziwika. Kuyesa n'kosavuta, poti lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Dulani mita imodzi, inyikeni m'madzi kwa ola kapena awiri chifukwa nayiloni amamwa madzi n'kufookerako, mangani mbali imodzi pa nthambi ndi ina pa chogwirira cha ndowa ndi mfundo yomweyo imene mumamangira nyambo, ndowayo ilendewere pang'ono chabe kuchoka pansi. Thirani madzi lita ndi lita mpaka chiduke. Malita amenewo ndiwo mphamvu yeniyeni ya chingwe chanu pamodzi ndi mfundo yanu, ndipo kawirikawiri chimadukira pa mfundopo. Chotsala pa mpukutu sungani m'kabati mwamdima, osati pawindo, osati m'galimoto yoima padzuwa la Okutobala. Cha pa reel, ngati mumawedza pafupipafupi, sinthani kamodzi pachaka, mvula isanayambe.